Kamera imazindikira ndege, koma mayi wothyola tiyi siimamuona

Pa ntchito yojambula zithunzi pali zolakwika zambiri zomwe zimakonzeka. Chithunzi chikada, timachiwalitsa pakompyuta. Chikapendekeka, timachiwongola. Mtundu wa chitenje ukazilala, timaubwezeretsa mpaka mwini wake akhutire. Koma pali vuto limodzi lopanda mankhwala: nkhope ya munthu kutuluka mwachimbuuzi pomwe masamba a kumbuyo kwake akuoneka ngwee mpaka timitsempha tawo. Chithunzi chotero chafa basi. Mapulogalamu a masiku ano amayesa kuchidzutsa, koma nkhope yomwe amatulutsa imakhala yongopeka, ndipo mayi aliyense amadziwa kuti maso amenewo si a mwana wake.

Ine ndimakhala m'dera la Mfumu Kapichi kuno ku Thyolo, ndipo ufa wa pakhomo panga umachokera m'kamera. Ndimajambula maukwati, zinkhoswe, ana otsazikana pomaliza Folomu 4, mpira wa bonanza, maliro ngati achibale a ku Joni apempha kuti aone momwe m'bale wawo waperekezedwera, komanso alimi ndi othyola tiyi bungwe lina likafuna zithunzi zoika mu lipoti. Kamera yanga ndi ya mtundu uja amati mirrorless. Ndinaigula yogwirapo kale ntchito kudzera mwa mnzanga wokhala ku Johannesburg, ndimaikonda, ndipo sindingabwererenso ku yakale ija. Komabe ndikufuna ndinene poyera zomwe ojambula timangodandaulirana kuseri kwa tenti pamaukwati. Autofocus ya makamera amenewa, yomwe otsatsa malonda amaitamanda ngati palibenso chotsala, inakonzedwa poganizira kuwala kwa kwina, nkhope za kwina ndi matumba a kwina. Imatitaya pa nthawi yomwe tikuifunitsitsa.

Kwa amene sanagwirepo kamera yaikulu, ndifotokoze pang'ono. Makamera akale aja timati DSLR ali ndi kalilole mkati. Kuwala kukalowa pa lenzi, kaliloleyo amakutumiza m'mwamba ku diso la wojambula, ndipo kwina pang'ono kumatsikira pansi, pomwe pali kachipangizo kapadera kongoyeza fokasi. Mu mirrorless kalilole mulibe. Kuwala kumangogwera pa sensa, ndipo sensa yomweyo ndiyo imajambula, imaonetsa chithunzi pa sikirini, komanso imayeza fokasi. Panasonic ndi yomwe inatsegula njira ndi Lumix G1 mu 2008. Sony inatulutsa a7 ya sensa yaikulu mu 2013, ndipo Canon ndi Nikon anabwera m'mbuyo ndi awo a sensa yaikulu mu 2018, wina ndi EOS R, wina ndi Z6 ndi Z7.

Njira zoyezera fokasi zilipo ziwiri. Yoyamba, kamera imayendetsa magalasi a mu lenzi uku ndi uku kufunafuna pomwe malire a kuda ndi kuyera akuonekera bwino kwambiri. Siidziwa kolowera. Imayesa, kupitirira, kubwerera, kenako n'kuima. Ikapeza imapeza ndithu, koma imadya nthawi, ndipo munthu woyenda sadikira. Njira yachiwiri ndi yanzeru. Tambasulani dzanja, imikani chala, tsinzinani diso lakumanzere kenako lakumanja: muona chala chikudumpha malo. Kamera imachitanso chimodzimodzi. Imayerekeza kuwala kolowera mbali imodzi ya lenzi ndi kolowera mbali inayo, ndipo kusiyana kwake kumaiuza nthawi yomweyo kuti isunthire kuti komanso mtunda wotani. Njira imeneyi ndi yakale, Minolta 7000 inali nayo kale mu 1985, koma kuilowetsa mu sensa yojambulira kunatenga zaka. Canon EOS M ya mu 2012 inatchuka ndi kuchedwa kwa fokasi mpaka kampaniyo inatulutsa pulogalamu yoifulumizitsa chaka chotsatira. Panasonic inakakamira njira yoyamba ija, itaikonzakonza, mpaka mu Januwale 2023 pomwe inatulutsa S5 II.

Zabwino zake sindingazikane. Pa DSLR malo oyezera fokasi ankaunjikana pakati pa chithunzi, pomwe pa mirrorless afalikira pafupifupi paliponse. Pa DSLR kachipangizo koyezera kaja kakasemphana pang'ono ndi sensa, zithunzi zonse zinkatuluka fokasi ili kutsogolo kapena kumbuyo kwa munthu, ndipo vuto limenelo linatha chifukwa woyeza ndi wojambula tsopano ndi mmodzi. Kuyambira cha mu 2019, Sony itatulutsa a6400 yotsatira diso la munthu mosalekeza, kujambula mkwatibwi akutuluka m'galimoto masana dzuwa lili phwee kunasanduka ntchito yopepuka. Kabokosi ka fokasi kamakakamira pa diso, iwe n'kumangoganiza za kaimidwe ka chithunzi.

Koma Thyolo si dzuwa lokhalokha.

Tiyeni tiyambe ndi m'munda wa tiyi. Aliyense wakuno amadziwa kuti tiyi amadulidwa kuti pamwamba pake pakhale pothyathyathya, kutalika kofika m'chiuno, kuti wothyola azifikira msanga timasamba tiwiri ndi kansonga. Munda ukayalana m'mbali mwa phiri, diso limaona mizere yopingasa yobwerezabwereza mpaka kukafika ku mitengo ya bulugama. Tsono makamera ambiri a mirrorless amangoyerekeza kumanzere ndi kumanja. Mzere woimirira, monga mtengo kapena chipilala, amaugwira msanga. Mzere wogona, mbali zonse ziwiri zimauona chimodzimodzi, ndipo kamera imasowa chogwira. Zinthu zobwerezabwereza nazo zimaisokoneza, chifukwa tsamba ili likufanana ndi linzake ndipo siidziwa kuti iyerekeze liti ndi liti. Ma DSLR abwino anali ndi malo oyezera a mtanda, oona mizere yoimirira ndi yogona yomwe. Pamenepa mirrorless inabwerera m'mbuyo, ndipo ambiri ogula sauzidwa.

Ndiye pakati pa mizere imeneyo pali munthu. Mayi wothyola tiyi sayang'ana kamera. Mutu wake ndi woweramira ku masamba, wavala duku kapena chipewa, kumsana kuli dengu lokwera kuposa mapewa, kutsogolo wadzikulunga pepala la pulasitiki kuti mame ndi timitengo tisamunyowetse kapena kumukala, ndipo kuchokera m'chiuno kutsika pansi wamira mu tiyi. Kamera imafuna maso awiri, mphuno ndi pakamwa. Ikasowa zimenezo imafuna mutu wokhala pa mapewa, manja ndi miyendo. Apa miyendo palibe, dengu lasokoneza maonekedwe a msana, ndipo nkhope ili mumthunzi. Pafupi pomwepo pali masamba onyowa, onyezimira, akuthwa m'mphepete. Kabokosi ka fokasi kamathawira ku masambawo. Mayiyo akadzutsa mutu kamphindi kuti aponye tiyi m'dengu, yomwe ndi nthawi yokhayo nkhope yake imaoneka ndi mphamvu zake zonse, lenzi imakhala ikadali paulendo wobwerera.

Nkhani imeneyi imandikhudza kuposa momwe vuto la makina liyenera kukhudzira munthu, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Onani zithunzi za Thyolo zomwe zili m'makalendala, m'mabuku okopa alendo ndi pa intaneti. Minda yobiriwira, mapiri, nkhungu, ndipo anthu ndi timadontho tofiira ndi tachikasu patalipatali. Tiyi wakuno wakhala akupita ku Britain ndi ku South Africa kwa zaka zambiri. Esiteti ya Satemwa yokha inayamba mu 1923. Agogo a ambiri a ife, Alhomwe ochokera ku Mozambique, anafika kuno n'kukhala pa malo a azungu pansi pa thangata, ndipo manja awo ndi omwe anadzala minda imeneyi. Zaka zonsezo dziko lakhala likuona tsamba bwinobwino, munthu wolithyola mwachimbuuzi. Ine ndikakweza kamera ndimafuna nditembenuze zimenezo, kuti nkhope ikhale patsogolo, tsamba likhale kumbuyo. Chipangizo cha m'manja mwanga chikasankha tsamba, chimandibwezera ku chithunzi chakale chomwe ndikuchithawa.

Chodabwitsa n'chakuti makamera amenewa aphunzitsidwa zambiri. Canon R5 ndi R6 za mu 2020 zimazindikira maso a agalu, amphaka ndi mbalame. Sony a7R V ya mu 2022 ili ndi kachipangizo kapadera kozindikira anthu, nyama, mbalame, tizilombo, magalimoto, masitima ndi ndege. Wofuna kujambula mbalame yosowa ija yotchedwa Thyolo alethe, yomwe yatsala m'tinkhalango tochepa ta kuno, ta ku Mulanje ndi ta ku Mozambique, ali ndi malo ake m'menyu. Wojambula magalimoto a mpikisano ali ndi ake. Munthu wogwira ntchito ataweramira pansi, atasenza katundu, mutu utafundidwa, yemwe ndi munthu wa tsiku ndi tsiku m'maiko ambiri a mu Africa ndi Asia, amazindikirika mwa apo ndi apo. Sindikhulupirira kuti luso lake ndi lovuta kuposa la kuzindikira gulugufe. Ndi nkhani ya amene anaganiziridwa.

Kenako pali chiperoni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo ikaomba kuchokera ku Mozambique, nkhungu ndi mvula yowaza zimakuta mapiri kwa masiku. Kwa wojambula imeneyi ndi nyengo yokongola kwambiri: ana opita kusukulu atavala majuzi, njinga zonyamula nthochi zikutulukira m'nkhungu. Koma nkhungu imafafaniza malire a kuda ndi kuyera, ndipo njira zonse ziwiri zoyezera fokasi zimadalira malire amenewo. Lenzi imasakasaka, chithunzi pa sikirini chimafufuma n'kuphwa, ndipo wanjinga wadutsa.

Chomwe chimatidyera ndalama kwenikweni ndi mdima wa m'matchalitchi ndi m'maholo. Matchalitchi athu ambiri ali ndi mawindo ang'onoang'ono, denga la malata lakuda ndi utsi wa zaka, ndipo magetsi akazima, kuwala konse kumachokera pakhomo, kumbuyo kwa akwati akamalowa. Makampani amalemba pa mabokosi kuti kamera yawo imaona mumdima wandiweyani. Canon inalemba kuti EOS R imapeza fokasi mpaka pa EV -6. Koma werengani timalemba tating'ono ta pansi: muyeso umenewo anautenga ndi lenzi ya f/1.2. Lenzi yomwe ambiri a ife tili nayo ndi ija yobwera ndi kamera, yomwe ukaikoka kuti uyandikitse chinthu imatsekeka kufika pa f/5.6. Kuwala kodutsa pa f/1.2 n'kochuluka kopitirira ka 20 poyerekeza ndi kodutsa pa f/5.6. Choncho nambala ya pa bokosi ndi yoona, koma ndi ya munthu wina. Ndipo pali chinthu china chomwe tinataya. Pa DSLR, flash yokweza pamwamba inkaponya timizere tofiira pa munthu, kamera n'kugwira fokasi ngakhale mumdima wa bii. Makamera ambiri a mirrorless sagwiritsa ntchito timizere timeneto. Amayatsa kanyali kowala pa thupi la kamera, komwe kamathobwa anthu m'maso ndipo safika patali.

Pa ukwati wina womwe ndinajambula nyengo ya mvula, magetsi anazima akwati akulowa. Mkwatibwi anali atavala velo, atanyamula maluwa oyera pachifuwa. Kamera inagwira maluwa, inagwira mikanda ya pa velo, inagwira taye ya mkwati, koma nkhope ya mtsikanayo inkangoisiya. Ndinazimitsa autofocus n'kuyamba kupotokola lenzi ndi dzanja, ndipo zithunzi za malumbiro zinatuluka bwino. Za polowa zinali zitapita. Popereka zithunzi, ankhoswe a kuchikazi anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Achimwene, maluwawa mwawajambula bwino zedi. Koma mwana wathuyu ali kuti?" Sanakalipe. Anandilipira zonse. Koma kulowa m'tchalitchi kwa mwana wawo sikudzachitikanso.

Apa ndiyenera kunena za khungu, ngakhale ena sakonda kuti nkhaniyi ikambidwe. Mbali ina ndi ya chilengedwe: khungu lakuda limabweza kuwala kochepa, ndipo mumdima malire a pakati pa diso, nsidze ndi tsaya amachepa, pomwe diresi yoyera kapena kolala ya malaya ikuwala pafupi. Koma mbali ina ndi ya anthu. Makina ozindikira nkhope amaphunzira poonetsedwa zithunzi zambirimbiri, ndipo amadziwa bwino nkhope zomwe anazionetsedwa kwambiri. Mu 2018, Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu a IBM, Microsoft ndi Face++ omwe amayang'ana nkhope n'kunena ngati ndi ya mwamuna kapena ya mkazi. Pa amuna a khungu loyera, kulakwitsa sikunapitirire 0.8 peresenti. Pa akazi a khungu lakuda kunafika pa 34.7 peresenti. Kafukufuku ameneyo sanali wa autofocus, koma maphunzitsidwe a makinawa ndi ofanana, ndipo makampani a makamera satulutsa poyera nkhope zomwe anaphunzitsira makamera awo. Mbiri nayo imatichenjeza. Kwa zaka zambiri, otsuka zithunzi za Kodak ankakonza mitundu poyerekeza ndi khadi la mkazi wa khungu loyera, lomwe ankalitcha Shirley, ndipo ana a khungu lakuda pa zithunzi za kusukulu ankatuluka maso ndi mano okha. Akuluakulu akuno omwe anasunga maalubamu a m'ma 1970 ndi m'ma 1980 akudziwa zomwe ndikunena.

Chomwe chimandilimbitsa mtima n'chakuti vutoli limatheka kukonzedwa wina akafuna. Mafoni a Tecno ndi itel, omwe adzaza pa msika wa Khonjeni ndi wa Luchenza, amapangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, yomwe inakonza makamera a mafoni ake poganizira khungu lakuda chifukwa msika wake waukulu uli kuno ku Africa. Google inatulutsa Real Tone pa foni ya Pixel 6 mu 2021, ndipo mu 2022 inayamba kugwiritsa ntchito muyeso wa mitundu 10 ya khungu wokonzedwa ndi Ellis Monk wa ku Harvard. Zimapweteka kuona mtsikana woperekeza akwati atakweza foni yotchipa pambali pako, kabokosi kake katagwira nkhope ya mkwatibwi, pomwe kamera yako yodula ikusakasaka. Chithunzi chake sichingakulitsidwe n'kuikidwa mu fulemu, ndipo sensa yaing'ono ya foni imakhululuka pa fokasi chifukwa zinthu zambiri zimaoneka bwino nthawi imodzi. Komabe foniyo yazindikira munthu. Opanga ake anaona kuti munthu ameneyu ndi kasitomala.

Tchopa ndiye mayeso aakulu. Gule ameneyu, yemwe UNESCO inamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse mu 2014, amavinidwa ndi anthu ambiri ozungulira ndi kupingasana, atavala zikopa ndi nthenga, kumsana atabereka mitolo ya zipangizo zakale ndi zidole. Fumbi limakwera, ng'oma zitatu zikulira. Ukasankha wovina mmodzi, mnzake amadutsa kutsogolo kwake ndipo kabokosi kamachoka naye. Nthawi zina kamakakamira pa nkhope ya chidole cha kumsana, chifukwa chidolecho chili ndi maso awiri oonekera bwino kuposa a mwini wake, omwe abisika ndi nthenga. Wina aliyense amene anayesapo kujambula pa Chonde mu Okutobala, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, akudziwa kuchuluka kwa zithunzi zomwe amazifufuta madzulo. Pa perekaniperekani vuto limakhalanso lomwelo mwa mtundu wina: nkhope makumi atatu zili pa sikirini, ndalama zikuuluka, ndipo kamera imasankha nkhope yoyandikira kapena yowala kwambiri. Siidziwa kuti gogo wakhala pampando kumbuyoko wabwera kuchokera ku Thekerani, ndipo chithunzi chake cha lero mwina ndi chomwe chidzaikidwe pa pulogalamu ya maliro ake.

Ena adzati zonsezi zinakonzedwa kale m'makamera atsopano, ndipo mbali ina akunena zoona. OM System OM-1 ya mu 2022 imaona mizere yoimirira ndi yogona yomwe. Canon EOS R1 ya mu 2024 nayo inabwezeretsa kuyeza kwa mtanda, ndipo umatha kuionetsa nkhope ya munthu kuti iziyamba yafuna iyeyo pakati pa gulu. EOS R3 ya mu 2021 imatsatira diso la wojambula mwini, n'kuika fokasi pomwe iye akuyang'ana. Masensa othamanga, kuyambira pa Sony a9 ya mu 2017, amayeza fokasi kambirimbiri pa sekondi imodzi. Koma tiyeni tione mitengo. Sony a9 inatuluka pa madola 4,500, Nikon Z9 pa madola 5,500, EOS R1 pa madola 6,300, popanda lenzi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene amandilemba ntchito ndi aphunzitsi, makalaliki a m'maesiteti, alimi a nthochi ndi othyola tiyi omwe asonkherana. Kamera yomwe ikutuluka chaka chino idzafika m'manja mwa wojambula wa kwa Kapichi patapita zaka zambiri, itadutsa m'manja awiri kapena atatu. Luso lomwe limangokhala mu kamera ya madola 6,000 kwa ife silinabadwe.

Chifukwa chake chiyembekezo changa chachikulu sichili pa kamera yatsopano. Chili pa mapulogalamu okonzera makamera omwe alipo kale. Umboni woti zimatheka ulipo. Mu Epulo 2019 Sony inapereka kwaulere pulogalamu yomwe inapatsa a7 III ndi a7R III luso lozindikira maso a nyama. Mu Meyi chaka chomwecho Nikon inawonjezera luso lotsatira diso la munthu pa Z6 ndi Z7, makamera omwe anatuluka alibe lusolo. Anthu anagona ndi kamera ina, n'kudzuka ndi ina yabwinopo, osalipira kanthu. N'zoona kuti kachipangizo koganizira ka mu kamera yakale kali ndi malire, ndipo si zonse zingalowemo. Koma kawirikawiri makampani amasiya kukonza kamera mtundu watsopano ukangotuluka, pa nthawi yeniyeni yomwe kamera yakaleyo ikuyamba ulendo wake wobwera ku Africa. Ndikadakonda kuti aziwerengera moyo wa kamera mpaka kwa mwini wake womaliza, ndiponso kuti pulogalamuyo izitheka kuikoka pa foni ndi bandulo yaing'ono, chifukwa ambiri kuno kompyuta timabwereka.

Ndikufunanso kuti kuyeza kwa mtanda kutsike kufika ku makamera otchipa, chifukwa si chinthu chapamwamba koma chinthu chomwe tinali nacho n'kulandidwa. Ndikufuna kuti nambala ya kuona mumdima azilemba atayesa ndi lenzi yomwe amagulitsa pamodzi ndi kamerayo. Ndipo koposa zonse ndikufuna kuti makinawa aphunzitsidwe pa anthu athu momwe alili: atavala maduku, atasenza madengu ndi zidebe, atabereka ana, ali m'tchalitchi chamdima, ali m'nkhungu. Zithunzi zophunzitsira zisatengedwe mozemba pa Facebook. Ojambula a ku Malawi, ku Kenya, ku Rwanda, ku Sri Lanka ndi ku Assam, konse komwe tiyi amathyoledwa ndi manja, akhoza kulembedwa ntchito yojambula, ojambulidwa n'kupemphedwa chilolezo ndi kulipidwa. Kwa makampani aakulu chotere ndalama yake ndi yochepa.

Kwa anyamata ndi atsikana omwe akuyamba ntchitoyi ndili ndi mawu ena. Ambiri amabwera kwa ine atagula kamera, ataiika pa kuzindikira diso, osadziwa kuti pali njira ina. Phunzirani kusankha kadontho kamodzi ka fokasi n'kukayendetsa nokha. Chotsani fokasi pa batani lojambulira, muiike pa batani la kumbuyo, kuti kamera isamasinthe maganizo nthawi iliyonse mukadina. Yatsani timizere towala tija toonetsa pomwe fokasi yagwera, ndipo zolowerani kupotokola lenzi ndi dzanja, chifukwa pa chimenechi mirrorless imaposa DSLR kutalitali. M'tchalitchi, fikani msanga, ikani fokasi pa benchi lomwe akwati adzadutsepo, muwadikire pamenepo. M'munda wa tiyi, khalani pansi pang'ono kuti mutu wa wothyola ukhale pamwamba pa mzere wa masamba, kumbuyo kwake kukhale thambo kapena phiri lakutali, ndipo mulankhule naye kaye, chifukwa munthu amene wakupatsa moni amadzutsa mutu. Mukapeza ndalama, musathamangire kamera ina. Gulani lenzi ya 50mm ya f/1.8, yomwe ndi yotchipa kuposa malenzi ambiri ndipo imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi f/5.6. Musaiwale mabatire apadera, chifukwa sensa ya mirrorless imakhala ikugwira ntchito nthawi yonse kamera ili yoyaka, ndipo kumudzi kotchajira n'kutali.

Mungo Murray Chisuse, yemwe ankasindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre ndipo anali mmodzi mwa Amalawi oyambirira kujambula zithunzi, anajambula John Chilembwe ndi banja lake zaka zoposa 100 zapitazo ndi kamera yopanda batire n'komwe. Ankayeza fokasi ndi diso lake, ndipo omujambulitsa ankaima chilili kumudikira. Luso limenelo tisalitaye. Koma sindikufuna kuti mawu amenewa amveke ngati ndikuti tizingopirira. Chisuse sankajambula tchopa fumbi lili koboo kapena mkwatibwi akuyenda mumdima, ndipo makasitomala a lero amafuna zimenezo. Tinalipira ndalama zambiri pogula makamera omwe analonjeza kuzindikira munthu. Ojambula a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe tili ndi magulu a pa WhatsApp momwe timagawana ntchito ndi kubwerekana malenzi. Tiyambe kusunga zithunzi zomwe autofocus yalephera m'malo mozifufuta, tilembe mtundu wa kamera, lenzi ndi kuwala komwe kunalipo, tipemphe chilolezo kwa eni nkhope, ndipo tizitumize ku maofesi a makampaniwa ku South Africa, komwe makamera athu ambiri amachokera. Mvula ikayamba mu Disembala tiyi adzaphuka ndipo minda idzadzaza othyola, maukwati a Khirisimasi nawo adzachuluka. Zithunzi zotere sizidzasowa.